Timabotolo ta a Miti

Lezala linali lobuntha, ndipo a Eneless sankalinyengerera. Anagwira mutu wa Mainess ndi dzanja lamanzere n'kuupendeketsa, lezala likukwakwaza kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo. Chaka chimenecho malezala ankasowa m'masitolo a Lusaka pamodzi ndi sopo ndi mafuta ophikira, choncho limodzi lomwelo linali litayenda kale m'mitu ya abale ena lisanafike kwa namfedwa. Mainess anangoluma mano, akuyang'ana tsitsi lake likugwera pachitenje.

Dzulo lake anali ataika amuna ake, a Whyson Miti, kumanda a Chingwere. Lero linali tsiku lometa, kuseri kwa nyumba yawo ya zipinda ziwiri m'komboni ya George. A Eneless anali mlongo wamkulu wa malemuyo. Ndiwo anamulera amayi awo atamwalira, ndipo anabwera pabasi kuchokera kumudzi kufupi ndi Feni, maso atatupa kale asanafike.

"Mlongo wanga anayamba liti kugona pabalaza?" anafunsa a Eneless motsitsa mawu, dzanja silinaime.

"Mu Juni, ba mulamu."

"Nthawi yozizira. Munthu wa chifuwa kusiya bedi, kusiya mkazi, n'kukagona pasimenti. Ndamvanso kuti anali ndi kapu yakeyake, mbale yakeyake."

"Ni beve bamene banafuna."

"Ndi chimene ndikufunsa, mlamu. Anafuniranji?"

Funso limenelo Mainess anali atadzifunsa yekha mpaka kutopa nalo. Sanadabwenso kuti nkhani za kapu ndi mbale zafika kale m'makutu mwa mlendo, chifukwa mu George chimene chachitika m'nyumba mwako m'mawa umachipeza masana chikukudikira pampopi, chitavala nsapato. Amayi a pampopiwo anali atalira maliro mokwanira, ndipo nkhani nayonso anaipereka mokwanira.

A Eneless anapukuta lezala pansalu n'kunena chimene anabwera nacho. Anati kwawo chifuwa chotere amachidziwa, ndi mdulo, nthenda ija imagwira mwamuna m'chifuwa mkazi wake akayenda njira zamseri n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo. Anati a Miti analowola, ng'ombe zinapita, choncho mwana ndi wa kwa Miti. Ngati mkaziyo wadula mwamuna wake, ndiye kuti Marjory akwera basi ndi azakhali ake Loweruka.

Marjory anali mwana yekhayo amene Mainess anabereka n'kukhala ndi moyo. Anali atangoyamba sukulu chaka chomwecho. Mainess sanamve chisoni ndi mabulangete, wailesi kapena njinga, zimene ankadziwa kuti abale azigawana. Koma atamva za basi, anachita mantha amene sanawachite ngakhale pamene ankatsitsa bokosi.

Njira zamseri sankazidziwa. Njira yake inali imodzi, yochokera pakhomo kupita pokwerera mabasi ku Lilanda, kumene ankagulitsa zitumbuwa ndi munkoyo, chakumwa chonga thobwa, n'kubwerera dzuwa likupendeka. Komabe mtima wake sunali woyera, chifukwa anali ndi kanthu kena kamene sanauze munthu.

A Miti ankagwira ntchito pakampani yophwanya miyala, ndipo kutsokomola anayamba kalekale, kwa fumbi kuja kumene aliyense wa kumeneko anali nako. Chaka chino kunasintha. Anaonda, malaya ankanyowa thukuta pogona, ndipo anayamba kudzuka mbandakucha akuti ntchito yachuluka. Pampando ankakhala chopendekera mbali imodzi, Mainess akafunsa, iwo ankati ndi chithupsa. Kenako anasamukira pabalaza, akuti sakufuna kusokoneza anthu tulo. Anali munthu wa nthabwala, woti ukamufunsa za mvula amakuyankha za mtengo wa malata, choncho kumupanikiza kunali kungodzitopetsa. Mainess zinamuwawa. Anaganiza kuti mwina pali mkazi wina ku Matero, koma akayang'ana nthiti za amuna akewo ankachita manyazi ndi maganizo akewo.

Mu Julayi iyenso anagwidwa ndi chifuwa. A Miti anamuuza kuti apite kukiliniki, iye anakana kwamtuwagalu. Anati ndi chimfine chabe, ndipo akangooneka pawindo lija la kumbuyo, kumene amalandirira timabotolo ta makhololo, palibe amene adzagulenso chitumbuwa chake. Izi sanazipeke. Panali mayi wina wogulitsa mabanzi amene anaonekerapo pawindo limenelo, ndipo beseni lake linkabwerera lodzaza mpaka anasiya.

Patapita masiku a Miti anabwera ndi timabotolo titatu m'thumba la jekete, nkhope ili yakugwa. Anati bwana walamula kuti onse apimidwe makhololo, ndipo amene apezeke ndi kanthu ntchito yatha. Anati iwo ndi chifuwa chawo cha fumbichi sangapulumuke, choncho amake Marjory awathandize, alavuliremo iwowo. Mainess anakana, anakananso, kenako anaganiza za lendi ndi yunifomu ya mwana, navomera. M'mawa uliwonse asanadye kanthu a Miti ankamudzutsa, kumutulutsa panja kuseri, kumupatsa madzi achukuche m'kamwa, n'kumuimirira patali ngati kapitawo, akumuuza kuti akoke mpweya mwamphamvu. "Osati malovu, amake Marjory. Pemani maningi, muchose va pansi pa chifuba." Wina akanadabwa kuti munthu wofuna kunamiza chipatala akulimbikiranji za pansi pa chifuwa. Mainess sanadabwe, anali wotanganidwa ndi manyazi.

Tsiku la zotsatira a Miti anabwera ndi nyama ya ng'ombe pakati pa mwezi, akuimba nyimbo ya kwaya molakwitsa mawu. Anati apima, sanapeze kanthu. Chifuwa cha Mainess chinatha chokha kutentha kutayamba. Cha a Miti sichinathe. Lamulungu lapitalo masana, akukonza mpando pakhonde, anatsokomola kamodzi, magazi anatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, ndipo galimoto isanapezeke anali atapita. Kuyambira ola limenelo Mainess ankadziwa chinthu chimodzi, kuti akanakana kulavulira m'timabotolo tija, madokotala akanaiona nthendayo n'kuigwira.

Masana a tsiku lometalo azibambo anabweza mipando m'nyumba n'kusiyako ingapo pansi pa mtengo wa malubeni kuti akambirane. Pakati panakhala a Kasoma, tcheyamani wa sekishoni, atavala safari suti ndi baji ya chipani. Anali Mbemba, za mdulo ankangozimvera kwa anansi, koma masiku amenewo ngakhale mlandu wa nkhuku sunkakambidwa m'komboni popanda tcheyamani. Mainess anakhala pamphasa, mutu wometawo atafunda, amayi awiri a mpingo ali kumbuyo kwake. Wa kwawo panalibe, amalume ake a ku Kitwe uthenga unali usanawapeze.

A Eneless analankhula modekha, ndipo modekhamo ndimo munali mowawa. Sanatukwane. Anangoyala zinthu pamaso pa anthu, kuonda, magazi, bedi losiyidwa, mbale yapayokha. Kenako anatembenukira kwa Lemmy, mng'ono wa malemuyo, amene anali kondakitala wa basi ndipo ankakhala ku Mandevu.

"Nena zimene anakuuza mkulu wako."

Lemmy anakanda mutu wake wongometawo. Ankadya pakhomo pamenepa mwezi ukavuta, ndipo zinkamuvuta kuyang'ana mlamu wake kumaso. "Bananiuza beka kuti ku kiliniki banapima makhololo, sibanapeze kanthu. Benze okondwa maningi. Ine nakamba chabe vamene ninamvela."

"Mwamva," anatero a Eneless. "Ikanakhala nthenda ya chipatala, makina a azungu akanaiona. Nthenda imene makina saiona, kwathu timaidziwa dzina lake."

A Kasoma anatsokomola pang'ono, anthu ena n'kuwayang'ana mokayikira. "Amake Marjory, muli na mau?"

Mainess anaona kuti njira zonse ziwiri zili ndi minga. Akakhala chete, ndi wachiwerewere amene wadula mwamuna. Akalankhula, ndi chitsiru chimene chinatseka maso a madokotala. Anayang'ana kukhonde la anansi kumene Marjory ankasewera, nasankha uchitsiru.

"Makhololo yaja siyenze yao," anatero. "Yenze yanga. Ndine ninathunyila mu tumabotolo. Banakamba ati bazabachosa nchito."

Mmodzi wa amayi a mpingo anachotsa dzanja limene linali paphewa pa Mainess, kenako analibwezapo. Lemmy anayang'ana pansi.

A Eneless anamuyang'ana nthawi yaitali. "Kapena ukunama kuti uthawe mlandu, kapena ukunena zoona. Ngati ndi zoona, unamubisa kwa anthu amene akanamuchiza. Ndisankhe chiti, mlamu? Konsekonse mlongo wanga ali m'dothi." Apa Mainess anaona kuti mayiyu sanabwere kudzalanda mwana chifukwa cha nkhanza. Anabwera kudzafuna munthu woti amuloze chala, chifukwa imfa yopanda mwini inkawalemera kwambiri.

A Kasoma, amene ankakonda milandu yotha dzuwa lisanalowe, anaona kuti uwu suthera pansi pa malubeni. Anati mlandu suola, ndipo kiliniki sili ku Feni. Mawa m'mawa awiriwo apite akafunse kwa amene anapima, abwere adzanene zimene amva. Za mwana zidikire.

M'mawa mwake ananyamuka kusanatenthe. Anayenda osalankhulana, Mainess patsogolo chifukwa ndiye ankadziwa njira. Anadutsa mzere wautali wa anthu odikira ufa pasitolo ya boma, ena atakhala pazitini, ena ataika miyala kuti iwasungire malo. Anadutsa pokwerera mabasi, pamene malo a Mainess anali atakhalapo kale mayi wina ndi beseni la mbatata zophika. Mapazi a a Eneless anali atatupa m'nsapato zapulasitiki. Mainess anachepetsa liwiro, ndipo a Eneless anazindikira.

Windo lija linali kumbuyo kwa kiliniki, moyang'anana ndi mtengo wa mango umene pansi pake pankakhala odwala chifuwa, patali ndi amayi a sikelo ya ana. Mainess anali atalizemba windo limenelo chaka chonse, lero anafikapo ndi mutu wometa, aliyense akumuona. Pambali pake panali chitseko ndi sitepe ya simenti. Anawalandira a Chisala, othandiza dokotala, bambo wa imvi za m'mbali ndi khoti loyera lothimbirira m'matumba. Anali munthu wolankhula mofulumira ngati akukalipa, ngakhale pofunsa moni.

"Tabwela pa nkhani ya ba Whyson Miti," anatero Mainess.

"Ba Miti ba ku miyala? Bali kuti? Benze bafunika kubwela pa Mande kutenga mapilisi. Nenze nifuna kutuma munthu ku nchito kwao." Atatero anayang'ana mitu yometa ya amayi awiriwo, nazindikira zimene zachitika. Anawalowetsa m'kachipinda, anawapatsa benchi, iwo anakhala pampando wawo n'kuvula magalasi. Anafunsa mmene zinachitikira, Mainess anafotokoza. A Chisala anagwedeza mutu, nati mtsempha unaphulika m'mapapo, zimachitika kwa amene mapapo awo anadyeka kale ndi fumbi.

"Mapilisi a chiyani?" anafunsa a Eneless. "Ife tinamva kuti munapima simunapeze kanthu."

"Mayo, ndimwe bandani?"

"Ndine mlongo wake. Ndinamulera ndine."

"Mulongo wanu enze na TB. Chifuba chikulu. Ninamupima neka mu Juni, tudoyo twenze mbwee. Anabwela mochedwa maningi." Analoza patebulo pamene panali makina oonera tizilombo, pambali pake tigalasi tating'ono titayanikidwa, topakidwa mankhwala ofiira ndi obiriwira. Anafotokoza kuti amatenga makhololo pang'ono, kupaka pakagalasi, kuwamba pamoto, kuthira mankhwala, ndipo tizilombo ta chifuwa chachikulu timatsala tofiira. Anaika kagalasi kamodzi ka wodwala wina n'kuuza a Eneless kuti asuzumire.

A Eneless anapita monyinyirika. Anatsinzina diso lomwe linali pamakinalo, n'kunena kuti akuona mdima. A Chisala anawauza kuti atsinzine linalo. Anakhala chowerama kanthawi.

"Tili ngati tinyenyeswa ta ulusi," anatero pobwerera pabenchi. Sanaoneke ogonja. Anthu amene akhulupirira chinthu kuyambira ubwana sasiya chifukwa cha kagalasi kamodzi, ndipo a Eneless akanatha kunena kuti tizilombo natonso timachita kutsegulidwira khomo. Koma a Chisala anali asanamalize.

Anati anafuna kuwagoneka a Miti kuchipatala chachikulu, iwo anachonderera mpaka kugwada, akuti akagona ntchito itha ndipo komboni yonse idziwa. Choncho anagwirizana kuti azibwera m'mawa uliwonse kudzabayitsa jakisoni asanapite kumiyala. Sanajombepo. Ankafika oyamba, matako atatupa mbali zonse, akuseka kuti posachedwa aziyenda ndi pilo. Mapiritsi ankasunga kuntchito. Anawalangiza kuti azigona paokha, pamalo podutsa mphepo. Za kapu ndi mbale anawonjezera okha.

Mbandakucha uja, chithupsa chija, pabalaza paja, zonse zinabwera pamodzi m'mutu mwa Mainess, ndipo anakwiya. Anakwiyira munthu wakufa, amene anamulola kulira yekha kuchipinda poganiza kuti watopa naye.

"Nanga osatiuza bwanji?" anafunsa a Eneless. "Kalata imodzi yokha kumudzi."

A Chisala anabwezera magalasi pamphuno. "Ninamuuza kuti abwelese bakazi bake na mwana tibapime. Ninamukalipila, osati kamozi. Anakamba vinthu vibili. Ati bakazi banga bagulisa vakudya, bakaonekela pano malonda yafa. Chachibili ati, ba Chisala, imwe ndimwe ba Bemba simungazibe, kwathu chifuba cha mwamuna ni mulandu wa mukazi. Bakamvela chabe ku munzi, bazamupasa mulandu wamene sanachite. Ati lekani nipole, nizabauza nikapola."

A Eneless anayang'ana manja awo pamiyendo, nayamba kusalaza chitenje pamene panalibe khwinya.

Chimene Mainess anabwerera chinali chisanakambidwe, ndipo anafuna kuchinena yekha asanafunsidwe. "Ba dokota, tumabotolo twa mu Julayi, twamene simunapezemo kanthu. Ndine ninathunyilamo."

"Naziba, mayo."

"Muziba?"

"Utu twenze twa kuona ngati nyeleti ija ya jakisoni isebenza. Ninapima, mulibe olo kamozi, tonse tutatu. Munthu wamene enze na tudoyo tonse tuja sangayele so mwamusanga. Ninamufunsa, ba Miti, aya makhololo ni yabandani? Ananiuza mwamene. Ati amake Marjory bakhosomola, bakana kubwela, manje nenze nichite bwanji? Va kuchosewa nchito venze va boza. Ku nchito kulibe anapima munthu." A Chisala anatambasula manja. "Ninamupasa tumabotolo twina, anabwelesa yake. Mankhwala sanaleke olo siku imozi. Imwe simunabise kanthu, mayo. Ndimwe munapimiwa."

Sabata yonse Mainess anali atanyamula imfa ya amuna ake pamutu ngati mtolo wake, ndipo tsopano munthu wa khoti lothimbirira anali ataulandira n'kuuika pansi. Sanamve kupepuka nthawi yomweyo. Anamva chisoni chenicheni, chimene mantha anali atachitsekereza kuyambira Lamulungu.

Phokoso linachokera kwa a Eneless. Linayamba ngati kuseka, ndipo anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Bodza lake lomwe lija," anatero. "Chaka cha njala, ali kamnyamata, ankabwera kuchokera kubusa akuti wadya kwa anzake, wakhuta, kuti ineyo ndidye gawo lake. Ndinadya mwezi wonse ndisanadziwe." Misozi inatsika, iwo osaipukuta. "Ndipo ankandiopa ine. Mlongo wanga wadwala mpaka kufa akubisala ine."

Panja wina anagogoda pawindo, a Chisala anamuuza kuti adikire.

Kenako anatenga timabotolo tina m'kabati n'kupereka kwa Mainess. Anati papita nthawi, ayenera kupimidwanso, ndipo ulendo uno pakhale dzina lake. Mwana sangathe kutulutsa makhololo, choncho amubweretse amuyeze m'thupi, mwina amutumize kukajambulidwa chifuwa kuchipatala chachikulu. Anati nthendayi imabisala, ndiye mwanayo azibwera naye pakapita miyezi, chaka chino ndi chamawa, ngakhale akuoneka wathanzi.

A Eneless anapukuta nkhope n'kuimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo iwo ndiwo anali mutu wa banja la a Miti, oti akabwerere pansi pa malubeni n'kumeza mawu awo pamaso pa tcheyamani. Kupepesa sanapepese, sanali anthu ake. Analankhula akuyang'ana makina aja patebulo.

"Kumudzi kwathu kulibe zinthu izi," anatero. "Mwana wofunika kupimidwapimidwa sangakhale kutali ndi kuno. Akhale ndi amake." Anakonza mpango kumutu. "Ndikanena ndekha kwa atcheyamani. Lemmy azibwera kudzaona ngati pakhomo pali ufa."

Anatuluka n'kukaima pamthunzi wa mango, pakati pa anthu otsokomola, akudikira. Mainess anamanga timabotolo pansonga ya chitenje, nathokoza, natuluka. Atafika pakhomo anaima n'kutembenuka.

"Ba dokota, pamene munabauza kuti mulibe kanthu, banakamba chani?"

A Chisala anali atatenga kale kagalasi kena. Anakaika pansi.

"Pamene banavomela kuti ni yanu, banakamba ati, manje kambani futi, mwapezamo chani? Nati mulibe kanthu. Ati bwezanipo. Ninabwezapo. Banavula chisote, banachoka panja, banankhala pa sitepu apo pamene mwaimilila, bayamba kuseka. Baseka, bakhosomola, baseka. Banthu ba nyeleti bonse bayembekeza. Ine nakalipa, nati ba Miti, imwe mudwala maningi, museka chani? Ati vanga niviziba kudala, si va lelo, ba Chisala. Nenze nifunsa va amake Marjory."

Mainess anayang'ana pansi. Inali sitepe wamba, yong'ambika pakona, simenti yake itasalala ndi mapazi a anthu. Anapinda chitenje, nakhala pomwepo, dzanja lake atalitsamiritsa pasimentipo. Amene anali pamzere sanamuuze kuti asunthe, ankangomulambalala polowa.